George VI

George VI (Albert Frederick Arthur George, 14 Disembala 1895 – 6 Febuluwale 1952) anali Mfumu ya United Kingdom ndi mayiko ena a mu Commonwealth kuyambira pa 11 Disembala 1936 mpaka tsiku la imfa yake. Analinso mfumu yomaliza ya ku Britain kulamulira India, ndiponso munthu woyamba kutchedwa Mtsogoleri wa Commonwealth. Iye ndi bambo wa Mfumukazi Elizabeth II.

George sanabadwe woyembekezera ufumu. Mpandowo unamugwera pamene mkulu wake, Edward VIII, anatula pansi udindo. Amakumbukiridwa kwambiri chifukwa cha zaka za Nkhondo Yachiwiri ya Padziko Lonse, pamene anakana kuchoka mu London nthawi ya mabomba, komanso chifukwa cha ubwenzi wake ndi Nduna Yaikulu Winston Churchill. Awiriwa anayamba mokayikirana, koma pofika pa 8 Meyi 1945, tsiku lomwe nkhondo inatha ku Ulaya, Mfumu inaitana Churchill kuti aime nayo pakhonde lam'mwamba la Buckingham Palace pamaso pa chikhamu cha anthu osangalala.

Ubwana ndi maphunziro

Anabadwira ku York Cottage, ku Sandringham m'chigawo cha Norfolk, mu ulamuliro wa Mfumukazi Victoria, yemwe anali agogo a bambo ake. Anali mwana wachiwiri wa George, amene pambuyo pake anakhala Mfumu George V, ndi mkazi wake Mary wa ku Teck. Tsiku lomwe anabadwa linali lokumbukira imfa ya Albert, mwamuna wa Victoria, yemwe anamwalira pa 14 Disembala 1861. N'chifukwa chake mwanayo anapatsidwa dzina la Albert. Pakhomo ankamutchula kuti Bertie.

Ubwana wake unali wovuta. Anali wamanzere koma anakakamizidwa kulemba ndi dzanja lamanja. Maondo ake ankagundana, choncho ankamumanga zitsulo m'miyendo kuti iwongoke. Ankadwaladwala m'mimba, anali wamanyazi, ndipo anayamba chibwibwi chomwe chinamuvutitsa zaka zambiri. Mu 1909 analowa sukulu ya asilikali apamadzi ya ku Osborne. Pa mayeso omaliza anakhala wotsiriza m'kalasi, komabe anapitiriza maphunziro ku Dartmouth mu 1911.

Usilikali ndi banja

Nkhondo Yoyamba ya Padziko Lonse inamupeza akugwira ntchito m'sitima yankhondo ya HMS Collingwood. Anamenya nawo nkhondo yapanyanja ya ku Jutland pa 31 Meyi ndi 1 Juni 1916, ali m'gulu loyang'anira mizinga. Zilonda zam'mimba zinamuchotsa panyanja, ndipo anachitidwa opaleshoni mu Novembala 1917. Chaka chotsatira anasamukira ku gulu la asilikali amumlengalenga, ndipo mu 1919 anakhala woyamba m'banja lachifumu kulandira chiphaso choyendetsera ndege. Mu Juni 1920 bambo ake anamupatsa udindo wa Duke wa York. Pa udindowu ankayendera mafakitale ndi migodi, ndipo kuyambira mu 1921 ankakonza misasa yapachaka yomwe inkasonkhanitsa anyamata a m'mabanja olemera ndi a m'mabanja a antchito.

Pa 26 Epulo 1923 anakwatira Elizabeth Bowes-Lyon ku Westminster Abbey. Mkaziyu anali atamukana kawiri asanavomere. Anabereka ana aakazi awiri: Elizabeth mu 1926 ndi Margaret mu 1930. Chibwibwi chinamuchititsa manyazi aakulu mu Okutobala 1925, pamene ankatseka chionetsero cha British Empire Exhibition ku Wembley. Mu 1926 anayamba kuonana ndi Lionel Logue, katswiri wa kalankhulidwe wochokera ku Australia, yemwe anamuphunzitsa kapumidwe ndi njira zomasulira lilime. Logue anakhala naye pafupi zaka pafupifupi 20, ndipo ankamuthandiza kukonzekera zolankhula zambiri zapawailesi za nthawi ya nkhondo.

Kulowa ufumu

George V anamwalira pa 20 Januwale 1936, ndipo Edward VIII analowa m'malo mwake. Chaka chisanathe, Edward anasankha kusiya ufumu kuti akwatire Wallis Simpson, mayi wa ku America yemwe ukwati wake woyamba unali utatha ndipo wachiwiri unali kukhoti. Albert analowa ufumu pa 11 Disembala 1936 ali ndi mantha aakulu, popeza sanaphunzitsidwepo ntchito za boma. Anasankha dzina la George pofuna kusonyeza kuti akupitiriza njira ya bambo ake. Anavekedwa chisoti chachifumu pa 12 Meyi 1937.

Pa mkangano wa Edward, Churchill anali mmodzi mwa aphungu ochepa amene anaima kumbali ya Edward. Zimenezi zinasiya chikayiko m'nyumba yachifumu yatsopano. Chikayikocho chinakula chifukwa Mfumu inkakhulupirira Nduna Yaikulu Neville Chamberlain, yemwe ankafuna kupewa nkhondo pokambirana ndi Adolf Hitler, pomwe Churchill ankadzudzula njira imeneyo poyera. Chamberlain atabwera kuchokera ku Munich pa 30 Seputembala 1938, Mfumu inamuitanira pakhonde lam'mwamba la Buckingham Palace kuti anthu amuombere m'manja. Ambiri anadzudzula zimenezi pambuyo pake, chifukwa panganolo linali lisanakambidwe m'Nyumba ya Malamulo, ndipo mfumu ya ku Britain siyenera kuoneka ngati ikutenga mbali pa ndale.

Ulendo wa ku America

Mu Meyi ndi Juni 1939, George ndi Mfumukazi Elizabeth anayendera Canada ndi United States. Aka kanali koyamba kuti mfumu yolamulira ya ku Britain iponde dothi la United States. Pulezidenti Franklin D. Roosevelt anawalandira ku White House, kenako kunyumba kwake ku Hyde Park m'boma la New York, komwe anacheza mpaka usiku za nkhondo yomwe inkayandikira. Kuchokera pamenepo awiriwa ankalemberana makalata. Mu Okutobala 1942, Eleanor Roosevelt anagona ku Buckingham Palace, ndipo anaona yekha kuti nyumbayo inali yozizira, chakudya chinali chamuyeso ngati cha anthu ena onse, ndipo m'bafa munali mzere wosonyeza polekezera madzi.

Ubwenzi ndi Churchill

Britain inalengeza nkhondo ndi Germany pa 3 Seputembala 1939, ndipo madzulo ake Mfumu inalankhula pawailesi. Chamberlain atatula pansi udindo pa 10 Meyi 1940, George ankafuna kuti Lord Halifax, nduna ya zakunja yemwenso anali mnzake, ndiye akhale Nduna Yaikulu. Halifax anakana, ndipo Mfumu inaitana Churchill. Masabata oyamba sanali osalala. George anatsutsa ganizo lopatsa unduna Lord Beaverbrook, mwini manyuzipepala, ngakhale Churchill anapitirirabe nalo. Komanso Churchill ankasinthasintha nthawi yokumana ndi Mfumu chifukwa cha kuchuluka kwa ntchito.

Zinthu zinasintha mu Seputembala 1940, pamene ndege za Germany zinayamba kuponya mabomba mu London usiku ndi usiku. Pa 13 Seputembala mabomba awiri anaphulika m'bwalo lamkati la Buckingham Palace, Mfumu ndi Mfumukazi ali m'chipinda choyang'anana ndi bwalolo. Anapulumuka, ndipo sanasamuke mumzindawo. Masana ankagwira ntchito mu London ndi kuyendera madera ophwasulidwa, makamaka East End, usiku n'kukagona ku Windsor komwe kunali ana awo. Mzinda wa Coventry utaphulitsidwa mu Novembala 1940, George anafikako patangopita tsiku limodzi. Mwezi wa Seputembala womwewo anakhazikitsa mendulo ya George Cross yolemekeza anthu olimba mtima kunja kwa bwalo la nkhondo, ndipo pa 15 Epulo 1942 anaipereka ku chilumba chonse cha Malta.

M'mwezi umenewo wa Seputembala 1940, mkumano wamwambo wa Mfumu ndi Nduna Yaikulu unasanduka nkhomaliro ya Lachiwiri lililonse. Pankhomaliroyi sipankakhala operekera zakudya: awiriwa ankadzigawira okha kuti azilankhula momasuka, ndipo nthawi zina Mfumukazi inkakhala nawo. Anachita zimenezi zaka zinayi ndi theka, pokhapokha mmodzi akakhala paulendo. Churchill ankauza George zinsinsi za nkhondo zomwe nduna zambiri sizinkadziwa, ndipo George, yemwe ankawerenga mwakhama zikalata zonse za boma, anali munthu mmodzi yemwe Churchill ankatha kumuuza nkhawa zake popanda kuopa kuti zigwiritsidwa ntchito pa ndale. Mu 1941 Mfumu inapatsa Churchill udindo wakale waulemu wa Lord Warden of the Cinque Ports. Akatswiri ambiri a mbiri amaona ubwenziwu kukhala wapafupi kwambiri pakati pa mfumu ndi nduna yaikulu m'mbiri yaposachedwa ya Britain.

Nkhondo inakhudzanso banja la Mfumu. Mng'ono wake, Duke wa Kent, anafa pangozi ya ndege ya asilikali ku Scotland pa 25 Ogasiti 1942. George mwini anayendera asilikali ku France mu Disembala 1939, kumpoto kwa Africa ndi ku Malta mu Juni 1943, ku Italy mu Julayi 1944, ndi ku Belgium ndi Netherlands mu Okutobala 1944.

Kusagwirizana kwa Juni 1944

Ubwenziwu unayesedwa kwambiri masiku ochepa asilikali asanawoloke kupita ku Normandy. Pankhomaliro ya pa 30 Meyi 1944, Churchill anaulula kuti akufuna kukaonerera nkhondoyo ali m'sitima ya HMS Belfast. Poyamba George anafuna kuti apite limodzi. Mlembi wake wamkulu, Alan Lascelles, anamuonetsa kuopsa kwake: sitimayo itamira, dziko likanataya mfumu ndi nduna yaikulu tsiku limodzi, ndipo mkulu wa sitimayo akanamangika manja pofuna kuteteza alendo ake m'malo momenya nkhondo. George anasintha maganizo ndipo pa 31 Meyi analembera Churchill kumupempha kuti nayenso asapite.

Churchill anaumirira. Mwambo umati nduna yaikulu ipemphe chilolezo cha mfumu isanatuluke m'dziko, koma iye anati sitima yankhondo ya Britain ndi mbali ya dzikolo. Pa 2 Juni George analemba kalata yachiwiri, yomwe sinalamule koma inadandaula ngati ya bwenzi. Anakumbutsa Churchill kuti iye ndi wamng'ono pa zaka, ndi msilikali wapamadzi, ndiponso ndi mkulu wa magulu onse a asilikali, koma wavomera kutsala. Choncho sikukanakhala chilungamo kuti Churchill akachite chinthu chomwe Mfumu yadziletsa. Churchill anagonja monyinyirika. Asilikali anatsika ku Normandy pa 6 Juni, Churchill anakafikako pa 12 Juni, ndipo Mfumu inatsatira pa 16 Juni.

Chikondwerero cha pa 8 Meyi 1945

Roosevelt anamwalira pa 12 Epulo 1945 asanaone mapeto a nkhondo, ndipo George ndi Churchill anakhala nawo pa mapemphero omukumbukira ku St Paul's Cathedral. Hitler anadzipha pa 30 Epulo, ndipo akuluakulu a asilikali a Germany anasaina chikalata chogonjera ku Reims pa 7 Meyi. Boma linalengeza kuti pa 8 ndi 9 Meyi ndi masiku a tchuthi.

Tsiku la 8 Meyi linali Lachiwiri, ndipo Churchill anadya nkhomaliro ndi Mfumu monga mwa nthawi zonse. Nthawi ya 3 koloko masana analengeza pawailesi kuchokera ku 10 Downing Street kuti nkhondo ndi Germany yatha, n'kukumbutsa anthu kuti Japan sinagonje. Mawu ake ankamveka pa zokuzira mawu ku Trafalgar Square ndi ku Parliament Square. Kenako anatsogolera aphungu kukapemphera ku tchalitchi cha St Margaret's. Anthu miyandamiyanda anadzaza msewu wa The Mall mpaka pazipata za Buckingham Palace, akufuula kuti akufuna kuona Mfumu.

Banja lachifumu linatulukira pakhonde lam'mwamba kasanu ndi katatu tsiku limenelo. George anavala yunifolomu ya asilikali apamadzi, ndipo Elizabeth, yemwe anali ndi zaka 19, anavala ya gulu la amayi la Auxiliary Territorial Service, komwe anaphunzira kuyendetsa ndi kukonza galimoto. Chakumadzulo Churchill anatuluka nawo, ataima pakati pa Mfumu ndi Mfumukazi. Linali khonde lomwe lija pomwe Chamberlain anaima mu 1938. Ulendo uno panalibe wodzudzula, chifukwa Churchill ankatsogolera boma la mgwirizano wa zipani zonse zazikulu. Atachoka pamenepo anakalankhula kwa khamu lina ku Whitehall, ali pakhonde la unduna wa zaumoyo.

Nthawi ya 9 koloko usiku Mfumu inalankhula pawailesi. Inayamba ndi kuthokoza Mulungu, inakumbukira amene sadzabwereranso kwawo, ndipo inachenjeza kuti ntchito ikadalipo ku Asia. Mdima utagwa, nyumba yachifumu ndi nyumba zina zikuluzikulu zinawalitsidwa ndi magetsi, chinthu chomwe anthu a mu London anali asanachione kuyambira 1939, pamene lamulo lozimitsa nyali usiku linayamba. M'misewu ya m'makomo anthu anasonkha moto, anatulutsa matebulo panja, anaimba ndi kuvina mpaka mbandakucha. George analola Elizabeth ndi Margaret kutuluka ndi kagulu ka anzawo ndi asilikali ochepa. Anayenda m'chikhamumo osadziwika kwa ambiri, ndipo anakaima kunja kwa zipata pamodzi ndi anthu ena kuitana makolo awo. M'buku lake la zochitika za tsiku ndi tsiku, Mfumu inalemba mowamvera chisoni kuti anawo anali asanalawepo chisangalalo cha unyamata.

Si onse amene anavina. Anthu wamba oposa 60,000 anali atafa ndi mabomba mu Britain, ndipo mabanja ambiri anali ndi abale ku Asia kapena m'ndende za Japan. Asilikali a ku Africa a King's African Rifles, kuphatikizapo ochokera ku Nyasaland, ndi a Northern Rhodesia Regiment, omwe anamenya nkhondo ku Burma, anali akadali kutali ndi kwawo. Masiku awiri otsatira, Mfumu ndi Mfumukazi anayendera madera a kum'mawa ndi kum'mwera kwa London omwe anaphwasulidwa kwambiri. Pa 13 Meyi panali mapemphero othokoza ku St Paul's. Pa 17 Meyi George analankhula kwa aphungu a nyumba zonse ziwiri za malamulo, ndipo mawu ake ananjenjemera pamene anatchula mng'ono wake amene anafa. Atamaliza, Churchill anaimirira, anakweza chipewa chake m'mwamba, n'kutsogolera onse kufuula katatu molemekeza Mfumu.

Chisankho ndi kutha kwa nkhondo ya Japan

Pasanathe miyezi itatu, anthu omwe anaombera Churchill m'manja anamuchotsa paudindo. Zotsatira za chisankho zinatuluka pa 26 Julayi 1945, ndipo chipani cha Labour chinapambana ndi mipando 393. Ovota ambiri ankalemekeza Churchill monga mtsogoleri wa nkhondo, koma ankafuna nyumba, ntchito ndi chithandizo cha zaumoyo zomwe Labour inalonjeza. Madzulo omwewo Churchill anapita kukatula pansi udindo. George anamulembera kalata yapamanja yofotokoza chisoni chake ndi momwe adzasowere uphungu wake. Anafuna kumupatsa ulemu wa Order of the Garter, koma Churchill anakana poona kuti anthu angomukana kumene. Mu Januwale 1946 analandira Order of Merit. Mfumu inagwira ntchito mokhulupirika ndi Nduna Yaikulu yatsopano, Clement Attlee, ngakhale onse awiri anali anthu osalankhulalankhula ndipo mikumano yawo yoyamba inali yaifupi.

Attlee ndiye analengeza za kugonja kwa Japan. Pa 15 Ogasiti 1945 anthu anadzazanso The Mall, ndipo tsiku lomwelo George anatsegulira Nyumba ya Malamulo yatsopano, n'kulankhulanso pawailesi usiku. Perete wamkulu wa chipambano anachitika pa 8 Juni 1946. Mfumu inalandira ulemu wa asilikali pa The Mall, Attlee ndi Churchill ali pafupi. Magulu ochokera m'mayiko a Commonwealth ndi m'mayiko olamulidwa ndi Britain anaguba nawo, kuphatikizapo King's African Rifles. Asilikali a ku Poland amene anamenya nkhondo pansi pa Britain sanagube, chifukwa boma linali litavomereza ulamuliro wachikomyunizimu wa ku Warsaw, ndipo nkhaniyi inasiya madandaulo kwa zaka zambiri. Tsiku lomwelo ana asukulu a mu Britain analandira khadi ya uthenga wochokera kwa Mfumu. Mtendere sunabweretse zambiri msanga: mwezi wotsatira buledi anayamba kugulitsidwa mwamuyeso, zomwe sizinachitike ngakhale nthawi ya nkhondo.

Zaka zomaliza ndi imfa

Kumayambiriro kwa 1947 George ndi banja lake anayendera South Africa, Southern Rhodesia ndi mayiko oyandikana nawo, ndipo anafikanso ku Victoria Falls ndi ku Livingstone ku Northern Rhodesia. India ndi Pakistan analandira ufulu mu Ogasiti chaka chomwecho. Mu Epulo 1949 atsogoleri a Commonwealth anagwirizana kuti India ikhalebe m'bungwelo ngakhale itakhala lipabuliki, ndipo George anazindikiridwa kukhala Mtsogoleri wa Commonwealth.

Kutopa kwa nthawi ya nkhondo ndi kusuta fodya kwambiri zinawononga thanzi lake. Mu Malichi 1949 anachitidwa opaleshoni chifukwa magazi sankayenda bwino m'mwendo wamanja. Pa 23 Seputembala 1951 madokotala anachotsa phapo lake lamanzere lomwe linali ndi khansa. Patatha mwezi umodzi, pa 26 Okutobala, Churchill anapambana chisankho, ndipo Mfumu, ikadali yodwala, inamupatsanso udindo wa Nduna Yaikulu. Anagwirira limodzi ntchito miyezi itatu yokha.

Pa 31 Januwale 1952 George anaperekeza Elizabeth ndi mwamuna wake Philip kubwalo la ndege la London, pamene ankanyamuka ulendo wa ku Kenya, Australia ndi New Zealand m'malo mwake. Anamwalira ali mtulo ku Sandringham pa 6 Febuluwale, ali ndi zaka 56, magazi ataundana mumtsempha wa mtima. Elizabeth anamva uthengawo ali ku Kenya. Tsiku lotsatira Churchill analankhula pawailesi kufotokoza momwe anadziwira Mfumu pa zaka za nkhondo. Anthu oposa 300,000 anadutsa pa bokosi la maliro ku Westminster Hall, ndipo mwambo woika maliro unachitika pa 15 Febuluwale ku St George's Chapel, ku Windsor. Pa nkhata ya maluwa ya boma, Churchill analemba ndi dzanja lake mawu awiri omwe amalembedwa pa Victoria Cross, mendulo yapamwamba kwambiri ya asilikali olimba mtima.

Chikumbutso

Chiboliboli cha George VI chinaimikidwa pafupi ndi The Mall mu 1955. Mu 1969 thupi lake linasamutsidwira ku King George VI Memorial Chapel, kachipinda komangidwa pambali pa St George's Chapel, komwe pambuyo pake anaikidwanso mkazi wake ndi phulusa la Margaret mu 2002, komanso Elizabeth II mu 2022. Churchill analandira Order of the Garter mu 1953 kuchokera kwa Elizabeth II. Nkhani ya chibwibwi cha George ndi ubwenzi wake ndi Logue inafotokozedwa mufilimu ya The King's Speech ya mu 2010.